Chifukwa chake namwino amalowetsa wobwera mochedwa

Kuchigayo, woyamba kufika ndiye amayamba kugayitsa. Kuchipatala lamulo lake ndi lina. Mayi amatha kulawirira m'mamawa n'kukhala pa benchi ndi mwana wake. Dzuwa litakwera pafika mayi wina. Namwino ayang'ana mwana wa mayi wachiwiriyu kamphindi kochepa, n'kuwalowetsa nthawi yomweyo. Pamzere pamayamba manong'onong'o: "Ameneyo ndi m'bale wake." Kawirikawiri si chibale ayi. Namwino waona zimene enafe sitinazione.

Ntchito imeneyi anamwino amaitchula kuti triage. Wodwala akangofika, asanalembetse n'komwe, amamuyang'ana kuti adziwe ngati angathe kudikira. Kwa ana pali magulu atatu. Gulu loyamba ndi la ana amene moyo wawo uli pachiswe, oyenera thandizo pompopompo. Lachiwiri ndi la ana odwala kwambiri, amene amawapititsa kutsogolo kwa mzere. Lachitatu ndi la amene angadikire popanda choopsa. Zipatala zina zimagwiritsa ntchito mitundu: wofiira, wachikasu ndi wobiriwira.

Kodi namwino amayang'ana chiyani? Amayamba ndi kupuma, chifukwa munthu akasowa mpweya ubongo umayamba kuonongeka m'mphindi zochepa chabe. Amaona ngati mwana watsamwa, ngati akupuma movutikira kwambiri, ndiponso ngati lilime ndi milomo zasintha mtundu n'kuda. Kenako amagwira dzanja la mwanayo. Likakhala lofunda, magazi akuyenda bwino. Likakhala lozizira, amatsina chikhadabo mpaka chiyere, n'kuchisiya. Magazi ayenera kubwerera msangamsanga. Akachedwa kupitirira masekondi atatu, mtima n'kumagunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakufika bwino m'thupi lonse.

Akatero amaona ngati mwana ali maso. Amamuitana, amamugwedeza pang'ono. Mwana wosadzuka, kapena amene akukomoka manja ndi miyendo zikugwedezeka, amalowa naye nthawi yomweyo. Ngati mwana akutsekula m'mimba, namwino amaona ngati maso alowa m'kati, ndipo amatsina khungu la pamimba. Khungu likachedwa kubwerera, madzi atha m'thupi. Zonsezi namwino wozolowera amazichita mphindi imodzi isanathe, mwana ali m'manja mwa amake.

M'gulu lachiwiri lija muli khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wopsa ndi moto, womwa mankhwala oopsa kapena parafini, wotupa mapazi onse awiri, ndi amene zikhatho zake zayera chifukwa chochepa magazi. Muli ndi wobwera ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono. Kalata imeneyi musamaisunge m'chikwama. Ionetseni pakhomo pomwe.

Apa pali chinthu chimene ambiri timasokonezeka nacho. Mwana wolira mokweza amatikhudza mtima, ndipo timafuna kuti ayambe ndiye. Komatu mwana wolira mokweza akupuma, mphamvu ali nazo. Amene amadetsa nkhawa namwino ndi uja wangoti zii kumbuyo, wofundidwa chitenje, amake n'kumati wagona. Ana ambiri afera pamzere m'njira imeneyi, anthu akuyesa tulo. Ndiye inu mayi, inu bambo, inu agogo, muzimuvundukula mwana nthawi ndi nthawi. Akasintha, akasiya kuyamwa, akayamba kubanika, imirirani mukauze namwino. Sikuphwanya mwambo kumeneko. Mwana amene anali wa gulu lachitatu m'mawa akhoza kukhala wa gulu loyamba masana, ndipo namwino mmodzi sangaone benchi lonse nthawi imodzi.

Njira yoyang'anira ana imeneyi imatchedwa ETAT, ndipo Malawi ali ndi gawo lalikulu pa chiyambi chake. Madokotala ndi anamwino a ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, anaona kuti ana ambiri ankamwalira tsiku lomwe afika. Anasintha kalandiridwe ka ana, anakonza malo a thandizo lamsanga, naphunzitsa ogwira ntchito.

Nanga anadziwa bwanji kuti kusinthako kwathandiza? Sanadalire kungoona ndi maso. Anawerenga. Anatenga chiwerengero cha ana ogonekedwa ndi cha ana omwalira asanasinthe, n'kuyerekeza ndi cha pambuyo pake. Kale, pa ana 100 aliwonse ogonekedwa pankamwalira ana 10 mpaka 18. Atasintha, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Zotsatirazi anazisindikiza mu 2006 kuti ena azione ndi kuziunika. Kafukufuku amayenda choncho: pamakhala funso, anthu amalemba zimene zikuchitika mosabisa, kenako amayerekeza. N'chifukwa chake namwino amalemba kwambiri, ngakhale mzere uli wautali. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa njirayi m'maiko ambiri.

Pakagwa ngozi yaikulu, kusankha kumeneku kumafika powawa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kunalinso maliro osaneneka, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pa nthawi ngati imeneyi ovulala amafika ambirimbiri nthawi imodzi, othandiza ali ochepa.

Pamalo a ngozi, wothandiza amayamba ndi kufuula kuti onse otha kuyenda apite mbali imodzi. Amene adzuka n'kuyenda, ngakhale ali ndi mabala, angathe kudikira. Kenako amapita kwa otsala pansi, mmodzimmodzi, osakhalitsa pa munthu mmodzi. Amangochita zinthu ziwiri: kutsegula njira ya mpweya ndi kupanikiza bala lotaya magazi ambiri. Akatero amaika chizindikiro n'kupita kwa wina. Wothyoka mwendo amene akulankhula bwinobwino amasiyidwa kaye. Kwa achibale zimenezi zimapweteka, ndipo kwa namwino zimapwetekanso. Koma akati athere nthawi yonse pa munthu mmodzi, ena atatu amene akanapulumuka amatsirizika chapafupi pomwepo.

Inu muli pamenepo mungathandize. Panikizani bala ndi nsalu yoyera, osachotsa dzanja. Wokomoka koma akupuma mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo musamumwetse madzi. Amene mukumuganizira kuti wavulala khosi kapena msana musamunyamule chinyamulenyamule, pokhapokha ngati pamalopo pali choopsa china ngati madzi kapena moto. Mukafika kuchipatala, nenani dzina la wovulalayo momveka, nthawi imene wavulala, ndi mankhwala amene amamwa kapena amene amamuwenga.

Tikambirane: Kodi pachipatala cha kwanu ndani amalandira odwala pakhomo? Mutaona mwana wa mnzanu wangoti zii pamzere, amake akuopa kulankhula, mungatani?