Kodi ndingakwirire ngalande kuti galimoto ilowe pageti?

Funso: Ndimakhala ku Chelstone, mu Lusaka. Ndagula galimoto ndipo ndikufuna kuboola mpanda kuti ndiike geti lalikulu. Koma kutsogolo kuli ngalande ndi timiyala ta konkire ta m'mphepete mwa msewu. Mmisiri wanga akuti tingogumula timiyalato n'kuthira dothi. Nditero?

Yankho: Ayi bambo, musatero. Malo a pakati pa mpanda wanu ndi phula si anu, ndi a msewu. Yambani mwapita ku Lusaka City Council, ku Civic Centre pa Independence Avenue, mutanyamula mapepala a puloti ndi chojambula chosonyeza pomwe geti lidzakhale. Akatswiri a misewu kumeneko ndiwo anganene kukula kwa kalavati kapena silabu yoyenera. Geti likayang'ana msewu waukulu ngati Great East, funsaninso a Road Development Agency.

Za dothizo ndiye zandidetsa nkhawa kwambiri. Lusaka ndi wachidikha, madzi sathamanga. Mukatseka ngalande, mvula ya Januwale idzabwerera m'bwalo mwanu ndi mwa anansi, itanyamula mabotolo ndi mapulasitiki. Madzi oima otere ndi oopsa mumzinda womwe unataya anthu ambiri ndi kolera mu 2024. Ngakhale paipi yaing'ono siyithandiza, imatsekeka ndi mchenga msanga. Silabu yokhala ndi zitsulo mkati, yosiya mpata wolowetsa fosholo pansi, ndiyo yabwino.

Musanakumbe, funsani a Lusaka Water ndi ZESCO ngati pansipo padutsa paipi kapena chingwe.