NGALAWA YOKWERA PHIRI

Munthu wokhala m'Chilenje kapena m'Kabwata saona ngalawa pakhomo pace. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa dziko lokwezeka, mapazi ngati 4,200 pamwamba pa nyanja yaikuru ya mcere, ndipo wofuna mtsinje woyenda bwato ayenera kutsikira ku Kafue, mailosi ngati 30. Komabe mwana ali yense wa m'Chilenje adziwa khalidwe limodzi la madzi, pakuti amaliona m'ngalande za m'mbali mwa mseu nyengo ya dzinja: madzi amatsika, sakwera ai. Nanga tsono ngalawa yodzala ndi katundu ingakwere bwanji phiri? Funso limeneli linasautsa amishoni oyamba pa mtsinje wa Shire. Ku England anali ataliyankha kale, ndipo yankho laolo ndilo mutu wa phunziro lino.

M'caka ca 1761 anatsegula ngalande yaikuru yotengera malasha kucokera ku migodi ya ku Worsley kunka ku Manchester. Mmisiri wace anali James Brindley, munthu wosadziwa bwino kulemba, koma wodziwa madzi. Mtengo wa malasha m'mzindawo unatsika ndi theka, ndipo ngalande zina zambiri zinakumbidwa, kulumikiza mtsinje ndi mtsinje unzace. Zambiri za izo zinali zopapatiza, kotero ngalawa zace zinapangidwa zoonda: m'litali mapazi ngati 70, m'lifupi osakwana 7. Kavalo mmodzi woyenda m'mphepete anali kukoka matani ngati 25 ndi cingwe.

Imodzi ya ngalande zimenezi inatsirizidwa mu 1815. Iyamba pa mtsinje wa Severn ku Worcester, nikwera kufikira ku Birmingham, mailosi ngati 30. Pa njirayo pali zipinda za madzi 58, zimene Angelezi amazicha lock, ndipo 30 za izo zandandalikana pa phiri limodzi la Tardebigge monga makwerero. Ngalawa yocokera ku Severn ikagona patsinde pa phirilo, eni ace amalawira m'mamawa, pakuti nchito ya tsikulo ndi kukweza ngalawa mapazi ngati 220 pa mtunda wopitirira pang'ono mailosi awiri.

Cipinda ca madzi ciri ngati nkhokwe yaitali ya njerwa, yopanda denga, yokhala ndi zitseko zolimba za mtengo kumutu ndi kumiyendo. Ngalawa ilowa pa zitseko za kumunsi, ndipo m'mbali mwace mungotsala danga lolowa cikhatho. Mmodzi atsala pa ciongolero. Mnzace atseka zitsekozo kumbuyo, nathamangira kumtunda ndi citsulo copindika cimene aliyense wa m'ngalawa amayenda naco m'cuuno. Ndi citsuloco apukusa, natukula tizitseko tating'ono tobisika pansi pa madzi. Pomwepo madzi a kumtunda alowa ndi mkokomo, ngalawa igwedezeka, niyamba kukwera pakati pa makoma onyowa, kufikira wa pa ciongolero, amene anali pansi mumthunzi, aonanso udzu ndi dzuwa. Madzi a m'kati akalingana ndi a kumtunda, atsegula citseko, ngalawa ituruka, ndipo cipinda cotsatira ciri kale pamaso pao.

Pano pali cinthu coyenera kucisinkhasinkha. Madzi a m'kati akatsala pang'ono, ngakhale utali wa cala cimodzi, citseko ca kumtunda cimakana, pakuti kulemera kwa madzi a kunja kumacikanikiza. Mlendo wofulumira mtima amakankha mtanda wace mpaka thukuta kamukamu, napsa mtima, koma citseko ciri nji. Wozolowera amangotsamira mtandawo, nayang'ana mitambo. Nthawi ikakwana citseko cimayamba cokha kumvera, ndipo ngakhale mnyamata akhoza kucisuntha. Mkristu amene wapempherera mwana wosocera zaka zambiri, kapena wogogoda pa makomo a nchito m'Lusaka osalandiridwa, azindikira fanizoli popanda womasulira. Kutukula tizitseko ndiyo nchito ya munthu. Kudzaza cipinda sikuli m'manja mwace.

Cina ndi ici: madzi a pamwamba pa phiri ali owerengeka. Ngalawa iri yonse ikadutsa, madzi odzaza cipinda cimodzi amatsikira kumunsi osabweranso, cifukwa cace amisiri anakumba madamu pamwambapo osungira mvula. Cotero pali mwambo. Woona ngalawa ina irikudza kutsogolo amaiyembekeza, kuti madzi amodzi akweze wina ndi kutsitsa wina. Ndipo woturuka amatseka citseko ndi kutsitsa tizitseko tonse. Waulesi mmodzi akasiya kotsegula, danga lonse la pakati pa zipinda ziwiri limaphwa, ndipo odza pambuyo pace apeza ngalawa yao yakhala pa matope. Amene anaimapo pa mzere wa pa mpopi mwezi wa October adziwa mtima umene anthu amakhala nao pa munthu wotere.

Kukwera Tardebigge kumatha maora anai kapena kuposa, ndipo ofika pamwamba manja ali matuza. Kucokera pamenepo ngalande iyenda yosalala kufikira ku Birmingham, ngalawa iri kuyenda ngati munthu wa pansi, pakuti lamulo siliola kupitirira mailosi 4 pa ora, kuti mafunde angagumule magombe. Madzulo amanga ngalawa pa zikhomo, nagona momwemo.

Lero oyenda m'ngalawazi ambiri ndi ofuna kupumula, ndipo makina analowa m'malo mwa kavalo. Kale sikunali kupumula. Njanji itafika, malipiro a pa ngalande anatsika, ndipo amuna ambiri anatenga akazi ndi ana ao kukhala m'kacipinda ka kumbuyo kwa ngalawa, ka mapazi ngati 10 m'litali. Ana anabadwira momwemo, nakula akutsogolera kavalo ndi kukankha zitseko, osaona khomo la sukulu kapena la chalichi. George Smith wa ku Coalville, Mkristu amene iye mwini anasenza dongo la njerwa ali mwana, anawalirira ana amenewa pamaso pa akuru a dziko kufikira lamulo la ngalawa za pa ngalande linakhazikitsidwa mu 1877, nilimbitsidwa mu 1884.

Tsono phunziro libwerere kwao kwa owerenga, pa mtsinje wa Shire, umene ambiri a m'Chilenje anaumva kwa makolo ao. Mu January 1859 David Livingstone anakwera mtsinjewo ndi sitima ya Ma Robert, naimitsidwa ndi mathithi amene anawacha Murchison. Pakati pa Matope ndi cigwa ca Chikwawa mtsinje utsika mapazi oposa 1,200. Wophunzira atenge pensulo: ngati zipinda 30 zikweza mapazi 220, Shire akanafuna zipinda zoposa 160, zosemedwa m'thanthwe, pa mtsinje wosefukira caka ndi caka. Palibe anazimanga.

Cotero mu 1875, pamene E. D. Young ndi Dr. Robert Laws anafika patsinde pa mathithiwo ndi sitima ya Ilala, anaimasula cidutswa cidutswa. Mafumu a Makololo anaitana anthu, ndipo amtengatenga pafupi 800 anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa mailosi ngati 60, m'njira ya miyala, dzuwa la cirimwe liri pa liwombo, malipiro ao nsalu. Young anacitira umboni kuti pa katundu yenseyo sipanasowe kanthu. Mabuku asunga maina a azungu a ulendowo. A osenzawo adziwika kwa Mulungu. Kumtunda kwa mathithi anaimanganso sitimayo, ndipo pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja ya Nyasa, nikoceza ku Cape Maclear, kumene Mishoni ya Livingstonia inayamba.

Mathithiwo sanagonjere ngalawa, koma anapatsidwa nchito yina: mu 1966 makina a pa Nkula anayamba kupanga magetsi ndi madzi omwewo amene anabweza Ma Robert. Pa Zambezi cipupa ca Kariba cinatsirizidwa mu 1959, naco copanda cipinda codutsira ngalawa, ndipo bwato lofika pamenepo liyenera kuturutsidwa m'madzi ndi kunyamulidwa.