Kupalasa Njinga M'misewu Yafumbi Yozungulira Blantyre: Mafunso ndi Mayankho

Mawu oyamba

Wokhala ku Nkolokosa akatuluka m'nyumba m'mawa, maso ake amagwera paphiri la Soche. Komatu ambirife timangodziwa mbali yoyang'ana kutauni. Kuseri kwake kuli midzi, minda ndi misewu yafumbi imene sitinaipondepo chibadwire. Kabuku kano kakuyankha mafunso amene anthu amafunsa akamva za masewero opalasa njinga m'misewu ya kumidzi. Cholinga chake n'chakuti mutulutse njinga imene muli nayo kale, mukalidziwe dera lanu pamodzi ndi mbiri yake.

1. Kodi awa ndi masewero otani? Paja kumudzi anthu amapalasa m'fumbi tsiku ndi tsiku?

Mwanena zoona. Mlimi wopita kuchigayo, mphunzitsi wa kumudzi ndi mnyamata wa kabaza, onsewa ndi akatswiri a misewu yotere. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amapalasa kuti akafike, pamene wamasewero amapalasa chifukwa cha ulendo weniweniwo: kulimbitsa thupi, kupumitsa mutu ndi kuona malo.

Kunja masewerowa amawatcha gravel, ndipo atchuka kwambiri. Mpikisano waukulu wa ku Emporia, m'chigawo cha Kansas ku America, unayamba mu 2006 ndipo umakhala wa mamailosi 200. Bungwe la UCI, loyang'anira masewero a njinga padziko lonse, linachititsa mpikisano woyamba wopezera katswiri wa dziko lonse pa masewerowa ku Italy mu 2022. Ku Kenya kuli Migration Gravel Race, umene unayamba mu 2021 m'dera la Maasai Mara. Anthu amawononga ndalama zambiri kufunafuna msewu wafumbi wodutsa m'mapiri. Ife msewuwo uli pakhomo.

2. Kodi ndiyenera kugula njinga yodula?

Ayi. Njinga zopangidwira masewerowa zimakhala zopepuka, zamatayala otakata mamilimita pafupifupi 40, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Koma njinga iliyonse yolimba, yamagiya ndi matayala onenepa, monga zakaunjika zimene zimapezeka ku Limbe ndi ku Ndirande, imagwira ntchito bwinobwino. Ngakhale njinga yachikale yamtanda, kapena Buffalo, imafika. Pachitunda mudzangotsika n'kukankha, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Chofunika ndi thanzi la njingayo. Pitani nayo kwa wokonza njinga aone mabuleki, amange masipoko, athire mafuta patcheni. Chishalo chikwezeni moti mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi, apo ayi mawondo adzakupwetekani. Matayala musawapope mpaka kuuma gwa! Tayala louma kwambiri limadumphadumpha pamiyala ndipo limaterereka pamchenga. Lofewa kwambiri nalo limapanitsa chubu parimu n'kuchiboola. Mukalidina ndi chala chachikulu lizilowa pang'ono chabe.

3. Ndikachoka ku Nkolokosa ndilowere kuti?

Njira zilipo zingapo. Yoyamba ndi yodzera ku Zingwangwa ndi Chilobwe, kukatulukira mumsewu wa ku Chikwawa, kenako kulunjika ku Mpemba ndi Chadzunda. Uku ndi kwa Mfumu Somba, ndipo timisewu tambiri timapatuka patala kulowa m'midzi.

Yachiwiri ndi yodzera ku Manja ndi Misesa kukafika ku Chigumula, kenako ku Bvumbwe ndi kuminda ya tiyi ya ku Thyolo. Yachitatu ndi ya ku Chiradzulu, kudzera ku Limbe ndi msewu wa Midima. Wofuna nkhalango alowere ku Chilomoni, kumunsi kwa phiri la Michiru.

Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo malo achidikha ndi osowa. Mtsetse uliwonse umene mukusangalala nawo popita ndi chitunda pobwerera. Izi muzikumbukire makamaka mumsewu wa ku Chikwawa: kutsetsereka mpaka ku Thabwa n'kosavuta, koma kukwera kubwerera kumafuna miyendo yozolowera.

4. Kodi m'njira zimenezi muli mbiri yanji?

Apa ndiye pagona kukoma kwa ulendowu. Mbiri imene tinaloweza pokonzekera mayeso ili m'mbali mwa misewu yomweyi.

Yambani m'tauni momwemuno. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 m'dera la Mfumu Kapeni. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi manja a anthu akuno. Nyumba ya Mandala, ya kampani ya African Lakes, ndi ya mu 1882.

Mukalowera ku Mpemba mumayandikira kwa Mbame. Kumeneko mu Julayi 1861 David Livingstone ndi anzake anakumana ndi gulu la akapolo omangidwa m'magoli, ndipo anamasula anthu 84. Anthuwo anatsagana ndi Bishopu Charles Mackenzie kukayamba mishoni ku Magomero. Taganizani: mtunda umene inu mukuupalasa mutamwa tiyi, ena anauyenda wapansi, goli lili m'khosi.

Ku Chiradzulu kuli Mbombwe, kumene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission (PIM) mu 1900. Iye anali atagwirapo ntchito kwa Joseph Booth, yemwe anatsegula mishoni ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, mu 1892. Chimene chinamuwawa Chilembwe ndi thangata, nkhanza za m'maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, komanso kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, anaphedwa. Patapita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi inatenthedwa. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo boma la atsamunda linagumula tchalitchi chake. Mishoni ya Chilembwe inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Mukapalasa kuchoka ku Limbe mpaka ku PIM, miyendo yanu imakuuzani kutalika kwa mtunda umene anthu a Chilembwe anayenda usiku kupita ku Mandala kukafuna mfuti. Buku silingakuuzeni zimenezo.

Ku Thyolo nako minda ya tiyi ili ndi mbiri yake. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Kubiriwira kwa minda imeneyi kumakopa maso, koma mukaona midzi yothithikana m'malire mwake mumamvetsa chifukwa chake nkhani ya malo siikutha m'bomali.

5. Kodi nyengo yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itasiya, misewu yauma, kunja kukuzizira. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kugwa mwadzidzidzi, choncho tengani kajekete. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Nyamukani kukangoyera ndipo mubwerere lisanafike paliwombo.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, katondo amaterera ndipo matope amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda. Mtsinje wodzaza musauyese. Anthu a kuno sitinaiwale za Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Mvula ikagwa masiku otsatizana, musayandikire njira za m'munsi mwa phiri.

6. Nditenge chiyani?

Madzi okwanira, mpope, chubu chapadera, zigamba ndi solushoni, sipanala, foni yatchaji ndi kandalama. Minga ndi yambiri m'tinjira ta m'minda, motero phunzirani kumata chubu muli kunyumba. Helemeti musaisiye. Chakudya sichivuta: nthochi, zitumbuwa, chigumu, mbatata yootcha ndi thobwa mudzazipeza m'misika ya m'njira. Kugula komweko n'kwabwino, chifukwa ndalama yanu imatsala m'mudzimo. Idyani njala isanakupweteke, imwani ludzu lisanakule.

7. Kodi si zoopsa?

Gawo loopsa kwambiri si lakumudzi, koma lapatala, pamene mukulimbirana msewu ndi maminibasi, malole ndi njinga zamoto. Yendani kumanzere, valani zowala, ndipo mupatuke patala mwamsanga.

M'fumbi ngozi zambiri zimachitika pamtsetse. Khalani chakumbuyo pachishalo, gwirani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, ndipo muchepetse liwiro musanafike pokhota, osati muli pakati pake. Mukafinya buleki yakutsogolo yokha pamiyala yosakhazikika, mudzapezeka muli pansi. Yendani awiri kapena atatu, uzani a kunyumba kumene mwalowera, ndipo dzuwa lisakulowereni kutchire.

8. Nanga anthu a m'midzimo ndikhale nawo bwanji?

Funso ili ndi lalikulu kuposa la njinga. Misewu imeneyi ili ndi eni ake. Inu mukusewera, iwo ali pantchito.

M'mamawa mudzakumana ndi abambo akukankha njinga zosenza matumba a makala kulowera kutauni. Taonani bwino: thumba lina pakeliyala, lina pamtanda, munthu atawerama, dzanja limodzi pahandulo, thukuta lili kamukamu. Akaima pachitunda kuyambanso n'kovuta, choncho mpatseni njira ndipo mumulonjere. Makala amenewo akupita kumbaula zathu zomwe. Mukaona mapiri ali mbee, opanda mitengo, dziwani kuti nafenso a m'tauni tili ndi gawo pamlanduwo.

Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mwakachetechete mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Kumanda musalowe. Musadutse m'munda mwa munthu kapena pabwalo la nyumba yake popanda kuodira. Polowa m'mudzi chepetsani liwiro, pakuti ana, mbuzi ndi nkhuku zimatulukira paliponse. Musajambule munthu musanamupemphe. Misewu ya m'maesiteti a tiyi ndi ya eni ake, ndiye pemphani chilolezo pachipata. Mapepala ndi mabotolo anu bwererani nawo.

Njira ikakusokonezani, foni isakunamizeni kuti imadziwa zonse. Imani, perekani moni: "Zikomo amayi, mwaswera bwanji? Kodi njira ya ku PIM ndi iti?" Safunsa anadya phula. Kawirikawiri wokulozerani njira amakuuzaninso kumene mlatho unakokoloka, ndipo agogo ena amakusimbirani mbiri ya malowo imene sinalembedwe paliponse.

9. Kodi amayi, atsikana ndi achikulire angathe?

Angathe kwambiri. Ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Nsanje amayi amapalasa mitunda italiitali atanyamula katundu, ena mwana ali kumbuyo. Njinga siipweteka mawondo ngati kuthamanga, motero imawayenera achikulire ndi onenepa. Amene ali ndi vuto la mtima, BP kapena shuga ayambe aonana ndi adokotala. Maganizo akuti njinga ndi ya munthu wosauka atilepheretsa zambiri, ndipo ndi ofunika kuwataya.

10. Ndiyambe bwanji?

Yambani pang'ono. Loweruka likubwerali pezani mnzanu mmodzi, nyamukani m'mawa, palasani ola limodzi kulowera ku Mpemba kapena ku Chigumula, kenako mubwerere. Sabata iliyonse muziwonjezera kamtunda. Miyendo ikazolowera, konzani ulendo wa tsiku lonse wa ku Mbombwe, ndipo musananyamuke muwerenge mbiri ya Chilembwe kapena mukacheze ku Chichiri Museum, kuti mukafika mukadziwe chimene mukuona. Ulendo wotsatira mutengeko mwana wanu kapena wa mnansi amene ali pasukulu, akaone ndi maso ake malo amene aphunzitsi amawatchula m'kalasi.