Anaitana anzake 78, kunabwera masauzande

Haren ndi katauni kachete pafupi ndi mzinda wa Groningen, kumpoto kwa dziko la Netherlands. Mu 2012 kunkakhala anthu osakwana 20,000, ambiri mwa iwo opeza bwino, ndipo kunja kwa dzikolo dzina la katauniko silinkamveka. Kumayambiriro kwa mwezi wa September chaka chimenecho, mtsikana wina wakumeneko, yemwe anali pafupi kukwanitsa zaka 16, analowa pa Facebook n'kukonza tsamba loitanira anzake 78 kuphwando la tsiku lake lobadwa. Analembapo tsiku, 21 September, komanso adiresi ya nyumba ya makolo ake. Atafika posankha anthu oona tsambalo anadina Public, pofuna kuti mnzake aliyense athe kubwera ndi mnzake.

Maganizo amenewa ndi a munthu wabwinobwino wokonda alendo. Chomwe sanachiwerengere n'chakuti aliyense woitanidwa anali ndi mphamvu yoitananso ena, enawo n'kuitana enanso, popanda womufunsa mwini phwando. M'masiku ochepa chabe oitanidwa anafika masauzande. Mtsikanayo ataona kuti zafika povuta anafufuta tsambalo, koma madzi akatayika saoleka. Anthu osamudziwa n'komwe anali atakopera kale adiresi ija, ndipo anatsegula masamba awoawo n'kuwatcha Project X Haren, potengera filimu ya ku America yotchedwa Project X yomwe inatuluka chaka chomwecho, yonena za phwando la achinyamata lothera m'chipwirikiti. Pamasamba atsopanowa mwini tsiku lobadwa analibe chonena. Mawailesi ndi nyuzipepala anayamba kuilengeza nkhaniyo tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale amene sanaione pa Facebook anaimva.

Akuluakulu a tauni anachotsa chikwangwani cha dzina la msewu, ngati kuti wachinyamata wokhala ndi mapu m'foni angasochere. Mtsikanayo anachoka panyumbapo tsikulo lisanafike madzulo. Anthu oposa 3,000 anafikabe, ena pasitima, ena pagalimoto, ena panjinga, mowa uli m'manja. Anapeza msewu uli wotseka, apolisi ali chilili, nyimbo kulibe, phwando kulibe. Kutada, miyala ndi mabotolo zinayamba kuuluka. Magalimoto anatenthedwa, mawindo a masitolo anaphwanyidwa, sitolo yaikulu ya zakudya anaithyola n'kutapamo katundu. Apolisi anamanga anthu 34 usiku womwewo ndipo anthu ambiri anavulala. Komiti yofufuza, yotsogoleredwa ndi Job Cohen yemwe kale anali meya wa Amsterdam, inatulutsa lipoti lake mu March 2013 lodzudzula momwe akuluakulu anakonzekera, ndipo meya wa Haren, Rob Bats, anatula pansi udindo.

Ambiri amaikamba nkhaniyi moseka, ngati ya mwana wosasamala. Ine sindiiona choncho. Mwanayo anadina kabatani kamodzi komwe ambiri a ife takadina kambirimbiri osaganiza kawiri. Ndipo taonani amene analipira: mwini sitolo yemwe sanaitane munthu, nkhalamba ya mumsewu womwewo yomwe mwina inalibe ndi Facebook yomwe, meya amene ntchito inamuthera. Tikamakamba za ma settings a chinsinsi timaganiza kuti ndi nkhani ya munthu payekha, yoti wina akasankha kutsegula zake ndi zake zimenezo. Si zoona. Chimene mwatsegula patsamba lanu chimatsegulanso za anthu onse amene ali pafupi nanu, ndipo chimene iwo atsegula chimatsegula zanu.

Zimenezi zinaonekera poyera pa nkhani ya Cambridge Analytica. Mu 2014, Aleksandr Kogan wa pa yunivesite ya Cambridge anapanga kapulogalamu ka mafunso oyeza khalidwe la munthu, kofanana ndi timasewera tija timati tikuuzeni kuti ndinu munthu wotani. Anthu pafupifupi 270,000 anakagwiritsa ntchito. Koma malamulo a Facebook a nthawi imeneyo ankalola kuti pulogalamu itengenso mbiri ya anzake a munthu woigwiritsa ntchitoyo, pokhapokha ngati anzakewo anapita okha kukatseka kabatani kobisika mkatikati mwa ma settings, komwe ambiri sankadziwa kuti kaliko. Mapeto ake, Facebook yokha inavomera kuti anthu okhudzidwa akhoza kufika 87 miliyoni. Zambiri zawo zinapita ku kampani ya Cambridge Analytica, yomwe inagwira nawo ntchito pa kampeni ya Donald Trump mu 2016. Nkhaniyi inaululika mu March 2018, ndipo mu July 2019 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Mwa anthu 87 miliyoni aja, pafupifupi onse sanayankheko funso ndi limodzi lomwe. Anangokhala ndi mnzawo wokonda timasewera.

Mu April 2021 manambala a foni ndi mayina a anthu 533 miliyoni a m'mayiko 106 anaikidwa pa intaneti kuti aliyense atenge ulele. Panalibe wothyola loko. Akathyali anangogwiritsa ntchito njira imene Facebook inaika yopezera anzako kudzera pa nambala ya foni: ankathira manambala mamiliyoni ambiri m'makina, makinawo n'kumawauza mwini nambala iliyonse. Zinatheka chifukwa funso loti ndani angakupezeni ndi nambala yanu linali litayankhidwa kale ndi kampani kuti aliyense, mwini tsamba asanafunsidwe. Bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Ireland linalipiritsa kampani ya Meta, eni ake a Facebook, mayuro 265 miliyoni mu November 2022 pa mlandu umenewu. Makampaniwa amadyera kugawana kwathu, choncho musayembekeze kuti zimene akuikirani poyamba n'zokomera inu.

Wina anena kuti zimenezi n'zakunja, kwathu kuno ndani angandilondole ine wopanda dzina. Wokulondolani safuna dzina lanu kuti alitchukitse, amafuna ndalama za azakhali anu. Chinyengo chake chimayenda motere. Mayi ali pamsika akugulitsa tomato, foni ikulira. Ndi uthenga wa pa WhatsApp wochokera pa nambala yachilendo, koma chithunzi chake ndi cha mwana wa achimwene awo amene ali ku Johannesburg, chija anajambulitsa atavala jekete yofiira. "Azakhali, muli bwanji? Foni yanga yabedwa, ndikugwiritsa ntchito iyi kaye. Ndili pampanipani, mungotumizako 50,000 pa nambala ndikupatseniyi, ndikubwezerani Lachisanu. Musawauze adadi, adandaula." Mayiwo akuyang'ana chithunzi, nkhope ndi yomweyo, ndipo mwanayu amawatchuladi azakhali. Akusiya tomato ndi mnzawo wa benchi loyandikana, ulendo kwa ejenti.

Wakubayo sanaombeze. Chithunzi anachitenga pa WhatsApp ya mnyamatayo, pomwe aliyense wokhala ndi nambala yake amatha kuchiona. Zoti ali ku Johannesburg anaziwerenga pa Facebook. Mndandanda wa anzake unali poyera, ndipo pansi pa chithunzi china mayiwa analemba okha kuti mwana wa achimwene anga wakula. Nambala yawo inali pa uthenga wa maliro womwe unazungulira m'magulu asanu, kapena pa malonda awo a tomato. Chilichonse pachokha n'chosaopsa. Kuziphatikiza ndiye ntchito yake ya wakubayo, ndipo imamutengera nthawi yochepa kuposa kuphika nsima.

Palinso zina zomwe timaponya ndi mtima wabwino. Munthu watola chiphaso cha unzika pamsewu, n'kuchijambula mbali zonse ziwiri, n'kuchiika pa Facebook kuti mwini wake achione. Achionadi, pamodzi ndi anthu masauzande amene tsopano ali ndi dzina lake lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso. Kungolemba dzina ndi malo okachitengera kukanakwanira. Kholo lonyadira liponya satifiketi ya MSCE ya mwana wake manambala onse ali poyera, kapena chithunzi cha kamwana ka ku nazale katavala yunifolomu, baji ya sukulu ikuwerengeka bwinobwino, n'kuwonjezera kuti amaweruka 12 koloko. Wina ali pabwalo la ndege, ajambula tikiti, alemba kuti tionana pakatha milungu itatu. Wauza dziko kuti nyumba yake ili yokha. Mwana uja sanafunsidwe, ndipo adzakula n'kupeza mbiri yake italembedwa kale ndi ena.

Kukonza zambiri mwa izi sikudya bandulo yoti munthu n'kudandaula. Pa WhatsApp, lowani mu Settings, kenako Privacy. Chithunzi chanu, About ndi Status musiyire okhawo amene munasunga manambala awo, posankha My contacts. Pa Groups chitaninso chimodzimodzi, kuti munthu wosamudziwa asamangokuponyani m'gulu, chifukwa m'gulu nambala yanu imaonekera kwa anthu omwe simunawapatse. Ndipo ma admin a magulu a mpingo, a banki m'khonde ndi a makolo a kusukulu adziwe kuti linki yolowera m'gulu ikatuluka kunja, aliyense woipeza amalowa. Mu February 2020 zinadziwika kuti malinki ochuluka otere ankapezeka pongofufuza pa Google. Linki yakale ichotseni, mupange ina. Chachikulu kuposa zonse chili pansi pa Account: yatsani Two-step verification, muike nambala yachinsinsi ya manambala 6 yodziwa inu nokha. Akuba ma akaunti amaimba kapena kulemba mwaulemu kuti atumiza kodi pa foni yanu molakwitsa, muwawerengere. Kodi imeneyo ndi kiyi wa WhatsApp yanu, ndipo akangoipeza amayamba kupempha ndalama kwa aliyense m'dzina lanu. Ngati foni inapitako kwa okonza kapena munabwereka mnzanu, onaninso pa Linked devices, mutulutse chilichonse chomwe simukuchidziwa.

Pa Facebook, kachizindikiro kali pafupi ndi tsiku la positi iliyonse kamanena zonse: ka dziko lapansi ndiye kuti aliyense akuona, ka anthu awiri ndi anzanu okha, ka loko ndi inu nokha. Pali batani lotchedwa Limit past posts lomwe limabweza zonse zakale zimene munaponya poyera kuti zizionedwa ndi anzanu okha, osachita kuzitsata imodziimodzi kuyambira 2013. Bisani mndandanda wa anzanu. Sinthani oyenera kukupezani ndi nambala ya foni. Yatsani zoti wina akakuikani pa chithunzi chake muziyamba mwavomereza chisanaonekere patsamba lanu. Chotsani timapulogalamu tonse tomwe munalowamo ndi akaunti ya Facebook n'kuiwala.

Pano ndinene mosabisa: kusankha Friends kulibe phindu ngati anzanuwo alipo 4,000 ndipo theka simunawaonepo. Anthu timalandira aliyense wopempha ubwenzi chifukwa chithunzi chake n'chokongola kapena chifukwa tili ndi anzathu ofanana, chikhalirecho anzathuwo anamulandiranso pa chifukwa chomwecho. Ndiponso palibe setting yoletsa mnzanu weniweni kujambula screenshot ya zimene mwalemba. Malamulo alipo, monga Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024 ku Malawi, ndipo wolakwiridwa akhoza kukadandaula, koma khoti silingalowe m'foni ya munthu aliyense kukafufuta chithunzi chomwe chazungulira kale.

Mukamaliza kusintha, musakhulupirire maso anu, poti mwini tsamba amaona zonse. Bwerekani foni ya munthu amene si mnzanu pa Facebook, mulembe dzina lanu, muone chimene chituluke. Mupeza kuti dzina lanu, chithunzi cha profile chomwe chilipo panopa ndi chithunzi chachikulu cha pamwamba zimaonekabe kwa aliyense. Choncho pazithunzi ziwirizo pasakhale geti ya nyumba yanu, nambala ya galimoto kapena nkhope za ana. Kenako muimbire azakhali aja, mugwirizane kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama m'dzina lanu asauyankhe asanamve mawu anu pa nambala yomwe amaidziwa kale.