Kuyendetsa Galimoto Yokoka Ngolo

Galimoto imayendetsedwa ndi manja awiri ndi mapazi awiri, ndipo dzanja lililonse ndi phazi lililonse lili ndi ntchito yake. Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, choncho dalaivala amakhala kumanja, kufupi ndi mzere wapakati. Patsogolo pake pali chiwongolero. Kumapazi kwake kuli zopondera. Kudzanja lake lamanzere kuli ndodo ya magiya ndi handibuleki. Ngolo ikamangidwa kumbuyo, zida zimenezi sizisintha, koma zonse zimasenza ntchito yolemera kuposa kale, ndipo galimoto imachedwa kumvera.

Galimoto yosintha magiya ndi dzanja ili ndi zopondera zitatu. Chakumanzere ndi kilachi, chapakati ndi buleki, chakumanja ndi chopondera moto. Phazi lamanzere ntchito yake ndi kilachi basi. Phazi lamanja limasinthana pakati pa buleki ndi moto. Anakonza dala kuti zikhale choncho, kuti munthu asamaponde moto ndi buleki nthawi imodzi.

Kilachi ndi imene imalumikiza injini ndi magiya. Ikapondedwa mpaka pansi, injini imazungulira yokha osakankha matayala, ndipo m'pamene giya imalowa. Phazi likamakwera pang'onopang'ono, pamafika malo ena pamene kulira kwa injini kumasintha, galimoto n'kuyamba kunjenjemera pang'ono. Pamenepo kilachi yayamba kugwira. Dalaivala amaimitsa phazi pomwepo kwa kamphindi, n'kuwonjezera moto pang'ono, kenako n'kuchotsa phazi lonse. Akalichotsa mwadzidzidzi galimoto imadumpha n'kuzima. Akalisiya likutsamira pa kilachi ulendo wonse, kilachi imapsa, ndipo fungo lake limamveka m'galimoto monse. Pokoka ngolo vuto limeneli limabwera msanga, chifukwa kilachi imayenera kunyamula katundu wa zinthu ziwiri.

Giya yoyamba ndi yamphamvu koma siithamanga. Giya yachisanu imathamanga koma ilibe mphamvu yokokera. N'chifukwa chake galimoto imanyamuka ndi giya yoyamba, ndipo pa chitunda dalaivala amatsitsa giya injini isanayambe kutopa. Magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito amene amachokera ku Japan amasintha magiya okha. Amenewa ali ndi zopondera ziwiri zokha, buleki ndi moto, ndipo zonse zimapondedwa ndi phazi lamanja. Pa ndodo yake pamakhala malembo: P poimika, R pobwerera m'mbuyo, N pamene palibe giya imene yalowa, ndi D poyenda. Pansi pa D nthawi zambiri pamakhala 2 kapena L. Madalaivala ambiri sagwirako malembo amenewa mpaka galimoto kukalamba, komatu ndi amene amafunika kwambiri pa mtsetse galimoto ikalemedwa.

Kumbuyo kwa chiwongolero kuli timitengo tiwiri. M'magalimoto ochokera ku Japan, kakumanja ndi ka magetsi ndi maindiketa, kakumanzere ndi ka mawaipa. M'magalimoto ambiri a ku Ulaya zili mosemphana, ndiye munthu wobwereka galimoto ya mnzake amatha kupukuta galasi pamene amafuna kusonyeza kuti akukhota. Hutala ili pakati pa chiwongolero. Pa dashibodi pali wotchi ya liwiro, ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini. Getsi lofiira la oyilo likayaka galimoto ili paulendo, imayenera kuimitsidwa ndi kuzimitsidwa nthawi yomweyo.

Nkhani ya ngolo imayambira pa kulemera. Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingakoke, ndipo malirewo amalembedwa m'buku limene limabwera ndi galimotoyo. Ngolo nayonso imakhala ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene siyenera kupyola. Nambala imeneyi imaphatikiza ngolo yeniyeniyo ndi katundu wake, osati katundu yekha. Laisensi ya B imalola munthu kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Yoposa pamenepo imafuna laisensi ya EB. Ku Malawi malaisensi amenewa amaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene ambiri amangoti Road Traffic, ndipo ngolo nayo imalembetsedwa komweko n'kulandira nambala yakeyake.

Makilogalamu 750 amamveka ambiri, koma amatha msanga. Ngati ngolo yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 250, malo otsala ndi a makilogalamu 500 okha. Amenewo ndi matumba 10 a chimanga, a feteleza kapena a simenti, olemera makilogalamu 50 lililonse. M'ngolomo mumaoneka kuti mwatsala malo ambiri, ndipo m'pamene mwini katundu amayamba kuchonderera kuti awonjezere matumba ena asanu. Mchenga wonyowa, njerwa ndi miyala ndiye zimanyenga koposa, chifukwa zimafika pa malire ngolo isanadzaze n'komwe. Ngolo zazing'ono zambiri zilibe mabuleki, choncho kulemera kwake konse kumagwera pa mabuleki a galimoto. Zazikulupo zili ndi mabuleki amene amagwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankhira kutsogolo, ndipo kukankha komweko n'kumene kumakoka mabuleki ake.

Kapakiridwe ka katundu ndi kofunika mofanana ndi kuchuluka kwake. Aliyense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe amadziwa kuti matumba akachuluka kumbuyo, goli limakwera n'kumakoka ng'ombe kukhosi, ndipo akachuluka kutsogolo limazipsinja pakhosi mpaka kulephera kuyenda. Ngolo ya galimoto imachitanso chimodzimodzi. Katundu wolemera amaikidwa pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono. Pa magawo khumi a katundu, pafupifupi asanu ndi limodzi amakhala kutsogolo kwa matayala, anayi kumbuyo. Zikatero mkono wa ngolo umatsamira pa chitsulo chokokera cha galimoto moyenera. Pa ngolo yolemera makilogalamu 600, mkonowo uyenera kupsinja ndi makilogalamu 40 mpaka 60. Ukapepuka kwambiri, ngolo imagwedezeka uku ndi uku panjira. Ukalemera kwambiri, kumbuyo kwa galimoto kumatsika, kutsogolo kumakwera, chiwongolero chimapepuka, ndipo usiku magetsi amathobwa m'maso madalaivala ochokera kutsogolo. Mbali yakumanja ndi yakumanzere ziyenera kulemera mofanana. Katundu amamangidwa ndi zingwe kapena malamba olimba kuti asasunthe pa mahampu, ndipo lona imakokedwa mwamphamvu kuti isamauluke. Anthu sakwera m'ngolo, ngakhale ulendo utakhala wa kumaliro kapena kuchigayo chapafupi.

Kumanga ngolo ku galimoto kumachitikira pamalo athyathyathya, handibuleki itakokedwa. Chitsulo chokokera chili ndi mutu wobulungira, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono mutu umenewu nthawi zambiri ndi wa mamilimita 50. Kumapeto kwa mkono wa ngolo kuli chotsekera chimene chimavala mutuwo. Chotsekera chimatsitsidwa mpaka chilire kuti "kha", kenako chogwirira chake chimatsekedwa ndi pini. Kuyang'ana kokha sikukwanira. Munthu amagwira mkono wa ngolo n'kuunyamula mwamphamvu, ndipo ngati walumikizika bwino, kumbuyo kwa galimoto kumakwera nawo. Akatero amakoleka tcheni. Matcheni akakhala awiri amapingasidwa pansi pa mkono, kuti chotsekera chikavuka mkonowo ugwere pa matcheni, osati pa phula. Tcheni siliyenera kukhwekhwereza pansi, komanso siliyenera kuthina moti galimoto n'kulephera kukhota. Waya wamba kapena chingwe cha mphira sizilowa m'malo mwa tcheni. Pomaliza amalowetsa pulagi ya magetsi n'kukweza katayala kakang'ono kochirikiza mkono.

Magetsi amayesedwa ndi anthu awiri. Mmodzi amakhala m'galimoto n'kumaponda buleki ndi kuyatsa maindiketa, wina amaima kumbuyo n'kumanena chimene chayaka. Ngolo imabisa magetsi a galimoto, ndiye ake akafa, wobwera m'mbuyo sadziwa kuti anzake akuima. Matayala a ngolo amaiwalika kawirikawiri chifukwa ngolo zambiri zimakhala miyezi zitangoima padzuwa. Tayala lotere limatha kuoneka latsopano koma lili ndi ming'alu m'mbali. Mpweya umapimidwa matayala asanatenthe, ndipo jeke, sipanala, tayala la sipeya ndi timakonatatu tofiira tochenjeza anthu pamsewu siziyenera kutsala. Magalasi a m'mbali amakonzedwa kuti aonetse mbali zonse za ngolo, poti galasi lapakati limangoonetsa katundu. Atayenda makilomita ochepa, dalaivala wanzeru amaima n'kuonanso zingwe ndi chotsekera, n'kuyandikiza dzanja pakati pa tayala lililonse la ngolo. Pakatentha kwambiri ndiye kuti mabeyaringi auma girizi.

Pamsewu chilichonse chimafuna mtunda wautali. Galimoto imachedwa kutenga liwiro ndipo imachedwanso kuima. Mpata wosiyana ndi galimoto yakutsogolo uyenera kukhala wa masekondi anayi kapena kuposa, ndipo mvula ikamagwa umawonjezedwa. Mpatawu umayesedwa motere: galimoto yakutsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, dalaivala amawerenga pang'onopang'ono mpaka kanayi, ndipo akafika pa mtengowo asanamalize ndiye kuti wayandikira kwambiri. Pokhota, matayala a ngolo sadutsa m'mapazi a matayala a galimoto. Amadutsa m'kati mwa kona. N'chifukwa chake galimoto imapitirira kaye pang'ono isanakhote, makamaka pa misika ya m'mbali mwa msewu pamene a kabaza, ana ndi ogulitsa malonda amaima m'mphepete mwenimweni mwa phula. Kupitirira galimoto ina kumafuna msewu wowongoka wooneka kutali, ndipo dalaivala sabwerera kumanzere mpaka ataona pagalasi kuti ngolo yonse yadutsa.

Choopsa kwambiri pa zonse ndi kugwedezeka kwa ngolo. Kumayamba chifukwa cha liwiro, katundu wolemera kumbuyo, tayala lopanda mpweya, dzenje la mumsewu, kapena mphepo ya lole yaikulu imene yadutsa pafupi. Ngolo imayamba kupita uku ndi uku, ndipo kugwedezeka kulikonse kumaposa koyamba. Mtima umamuuza dalaivala kuti aponde buleki mwamphamvu kapena alimbane nayo ndi chiwongolero. Zonse ziwiri zimawonjezera vuto, ndipo zimatha kugubuduza ngolo ndi galimoto yomwe. Choyenera ndi kuchotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri chili chowongoka, ndi kulola kuti liwiro litsike lokha. Ngolo ikakhazikika, galimoto imaimitsidwa pambali ndipo katundu amasunthidwira kutsogolo. Ena amanena kuti kuwonjezera moto kumawongola ngolo. Malangizo amenewa ndi olakwika, chifukwa liwiro ndi limene limakulitsa kugwedezekako. Ndi ngolo yaing'ono n'kwabwino kusafika pa makilomita 80 pa ola ngakhale msewu ukhale wosalala.

Malawi ali ndi mitsetse imene imayesa mabuleki: ku Chiweta m'boma la Rumphi potsikira kunyanja, pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ndi msewu wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa. Mabuleki akapondedwa kwa nthawi yaitali amatentha, ndipo akatentha amasiya kugwira ngakhale phazi liponde mpaka pansi. Choncho giya imatsitsidwa mtsetse usanayambe, kuti injini ndi imene izigwira galimoto. Giya imene galimoto ingakwere nayo chitunda ndi yomwenso iyenera kutsika nayo. Pa galimoto yosintha magiya yokha, ndodo imaikidwa pa 2 kapena L. Buleki imapondedwa ndithu kwa kanthawi, kenako n'kusiyidwa kuti izizire. Kuchotsa giya pa mtsetse pofuna kusunga mafuta ndi chizolowezi choipa pa galimoto iliyonse, koma pokoka ngolo ndi kuika moyo pachiswe. Pokwera, diso limakhala pa wotchi ya kutentha. Injini ikatentha kwambiri galimoto imaimitsidwa, ndipo chitsekerero cha redieta sichitsegulidwa mpaka izizire, chifukwa madzi owira amathovokera kumaso. Ponyamuka pa chitunda, handibuleki imakhala yokokedwa mpaka kilachi itayamba kugwira, ndipo imatsitsidwa moto utawonjezedwa kale.

Kubwerera m'mbuyo kumasokoneza ngakhale madalaivala akale, chifukwa ngolo imalowera mbali yosiyana ndi kumene kumbuyo kwa galimoto kwaloza. Njira yosavuta ndi kuika dzanja kumunsi kwa chiwongolero. Dzanja likapita kumanja, kumbuyo kwa ngolo kumapitanso kumanja. Likapita kumanzere, nayonso imatero. Chiwongolero chimasunthidwa pang'onopang'ono ndipo galimoto imayenda mosaposa munthu woyenda pansi. Ngolo yaifupi imapindika msanga kuposa yaitali. Ikapindika kwambiri mpaka mkono wake kufuna kugunda galimoto, dalaivala sapitiriza. Amapita kutsogolo, n'kuwongola, n'kuyambanso. Wothandiza amaima pambali pamene akuoneka pagalasi, osati kumbuyo kwa ngolo kapena pakati pa ngolo ndi galimoto, ndipo akasowa pagalasi dalaivala amaima. Luso limeneli limaphunziridwa pabwalo lopanda anthu, ngolo ili yopanda katundu.

Pomasula ngolo, matayala ake amayamba atchingidwa ndi miyala kapena zipika mbali zonse. Kenako katayala kochirikiza kamatsitsidwa, pulagi ndi matcheni zimachotsedwa, ndipo chotsekera chimatsegulidwa pomaliza. Katundu akamatsitsidwa ngolo itamasulidwa kale, amayambira wakumbuyo, kuti mkono usadzuke mwadzidzidzi n'kumenya munthu amene waima pafupi.