Phunziro 6: Mayi Wofuna Kusiya Choko N'kuyamba Ntchito Yomasulira

Ngati ndinu mayi ndipo mukulingalira zosintha ntchito, luso lanu la zilankhulo ndi mpamba kale. Omasulira amafunika m'makhothi, m'zipatala ndi m'mabungwe. Bungwe la SADC limagwiritsa ntchito Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiswahili, chomwe linachivomereza mu 2019.

Koma musathamangire kulemba kalata yosiya ntchito. Ana amadya tsiku lililonse, pamene womasulira wongoyamba kumene amalandira ndalama mwa apo ndi apo. Yambani patchuthi. Funsani kaye za penshoni yanu, ndipo gwirizanani ndi apabanja za amene azitsala ndi ana.

Ntchito: Masulirani kalata yoitanira makolo kumsonkhano. Mnzanu amene sanaione aibwezere m'chilankhulo choyamba. Konzani pomwe tanthauzo lasokonekera, kenaka isungeni kuti mudzaonetse ofuna kukulembani ntchito.