PHUNZIRO LA MWEZI UNO: NDANI AKULITSA CHIMANGA, MULUNGU KAPENA FETELEZA?

Kuwerenga: Yesaya 28:23-29, Habakuku 3:17-19, 1 Petro 3:15-16

Cholinga: Kuti tidziwe chimene titanthauza ponena kuti Mulungu watichitira chakuti, ndiponso kuti tikhoze kuyankha ana athu mofatsa akatifunsa.

MAWU OYAMBA

Ana athu akuphunzira zinthu zambiri zimene ife sitinaphunzire. Mwana wa Giredi 12 kapena wa ku UNZA akamva mukuyamika Mulungu chifukwa cha zokolola, atha kukufunsani kuti: "Amama, mukuti Mulungu watipatsa chimanga. Koma munagula mbewu, munathira feteleza kawiri, munapalira. Anzathu a pafupi apa sapemphera, koma nawonso akolola. Nanga Mulungu wachitapo chiyani?"

Ambiri a ife timangomudzudzula kuti sukulu yamuwononga. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwana tikamukalipira amaleka kutifunsa, koma kukayika kwake sikutha. Amapita nako kwa anthu ena, ndipo tsiku lina timangoona kuti waleka kubwera ku tchalitchi.

Funso la mwanayu si lachilendo. Ku mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ophunzira otchedwa afilosofi, amene ntchito yawo ndi kusanthula maganizo ndi mawu. Gulu lina la iwo limayamba nkhani iliyonse ndi mafunso awiri: mawu awa akutanthauza chiyani, ndipo tingadziwe bwanji ngati ali oona? Kwa zaka zoposa 80 akhala akutsutsana ngati mawu athu onena za Mulungu ali ndi tanthauzo. Tiyeni timve zimene akhala akunena.

1. FANIZO LA MLIMI WOSAONEKA

M'chaka cha 1950, ku Oxford m'dziko la England, mnyamata wina wophunzira dzina lake Antony Flew anapereka fanizo limene likambidwabe mpaka lero. Flew anali mwana wa mbusa wa mpingo wa Methodist, koma iye sanali kukhulupirira Mulungu.

Fanizolo linali lotere. Anthu awiri apaulendo anapeza malo m'nkhalango pomwe panamera maluwa ndi udzu. Mmodzi anati pali mlimi amene amasamala malowo. Mnzake anakana. Anamanga msasa nayamba kulonda, koma sanaone munthu. Anatchinga mpanda wa waya wa magetsi, nabweretsa agalu onunkhiza, koma agalu sanauwe ngakhale kamodzi. Wokhulupirira uja anapitiriza kunena kuti mlimi alipo, kungoti saoneka, sakhudzika, ndipo alibe fungo. Pamenepo mnzake anamufunsa ngati mlimi wotereyu asiyana konse ndi mlimi amene kulibe.

Flew anali kunena ife Akhristu. Tikakolola timati Mulungu atikonda. Mbewu zikapsa timatinso Mulungu atikonda, kungoti njira zake n'zobisika. Mwana akachira timati ndi chikondi chake, akamwalira timati ndi chifuniro chake. Tsono Flew anafunsa kuti n'chiyani chimene chingachitike kuti Mkhristu avomere kuti Mulungu samukonda. Ngati palibe, anatero iye, ndiye kuti mawu athu sakunena kanthu.

Amayi, tisafulumire kukwiya. Funsoli lili ndi pogwira. Ndi kangati pamene timanena kuti "Mulungu ndi wabwino" pamaliro, pamsika ndi pafoni, osaganizira konse chimene tikunena? Lamulo lachitatu, loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe, likhudzanso zimenezi.

2. MAFUNSO AWIRI OSIYANA

Tiyambe ndi feteleza, popeza ife a ku Kafue timamudziwa bwino. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa m'tauni yathu ino mu 1970, ndipo mabanja ambiri a ku Kafue Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound analera ana ndi malipiro a kumeneko. Chakudya chachikulu cha mbewu chimene chili mu feteleza ndi nayitirojeni. Chodabwitsa n'chakuti magawo 78 pa 100 a mpweya umene timapuma ndi nayitirojeni yemweyo, koma chimanga sichingathe kumutenga mu mpweya. Mu 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, anapeza njira yomukokera mu mpweya, ndipo mu 1913 Carl Bosch anaikonza njirayo kuti igwire ntchito m'fakitale. Nyemba, nsawawa ndi soya zinali kuchita kale ntchito imeneyi mothandizidwa ndi tizilombo ta m'mizu yake. N'chifukwa chake chimanga chimachita bwino m'munda umene munali nsawawa chaka chatha.

Zonsezi n'zoona, ndipo mwana akatiuza tivomere mokondwera. Koma Haber kapena Bosch aliyense sanalenge mpweya, sanaike moyo m'kambewu, ndipo sanadzipatse yekha nzeru. Pa Yesaya 28 mneneri afotokoza mlimi amene adziwa nthawi yolima, malo oyenera mbewu iliyonse, ndi chida choyenera kupunthira. Ndipo anena kuti amene anamuphunzitsa zonsezi ndi Mulungu. Kwa Yesaya, luso la mlimi ndi ntchito ya Mulungu sizipikisana.

Taganizirani izi. Mwana wanu wa ku Lusaka wakutumizirani ndalama pafoni. Wina afotokoza bwinobwino momwe netiweki yanyamulira ndalamazo mpaka zafika pa buthi. Wina anena kuti zabwera chifukwa mwana wanu amakukumbukirani. Onse awiri anena zoona. Woyamba ayankha funso lakuti "zafika bwanji?" Wachiwiri ayankha lakuti "zachokera kwa yani, ndipo chifukwa chiyani?" Sayansi ili ndi mphamvu yaikulu pa funso loyamba. Pafoni dzina la wotumiza limaoneka, koma pa thumba la chimanga silinalembedwe. Dzina la Wopatsa timalidziwa chifukwa Iye mwini anatiuza m'Mawu ake.

Ichi ndi chiphunzitso chakale cha mpingo wathu wa Reformed. Chivomerezo cha Belgic, chimene Guido de Brès analemba mu 1561, chiphunzitsa m'ndime yachiwiri kuti Mulungu timamudziwa m'njira ziwiri: m'chilengedwe, chimene chili ngati buku lotseguka, ndiponso momveka koposa m'Malembo. John Calvin anaonanso kuti pa Genesis 1:16 mwezi uwerengedwa pakati pa zounikira ziwiri zazikulu, pomwe akatswiri a zakuthambo a nthawi yake anali atapeza kuti Saturn ndi wamkulu kuposa mwezi. Calvin sanatsutse akatswiriwo. Anati Mose analemba monga momwe maso a munthu wamba amaonera, kuti ngakhale wosaphunzira amve. Pena anati Mulungu amalankhula nafe monga mlezi amalankhulira ndi khanda. Inu amayi mudziwa kuti pochita zimenezo simunamiza mwana, mungodzichepetsa kuti akumveni.

3. NANGA PAMENE MVULA YAKANA?

Pa zokolola zabwino yankho ili likwanira. Koma funso la Flew limaluma kwambiri pa nthawi ya tsoka. Tonse tikumbukira chaka cha 2024. Tinabzala, tinathira feteleza, tinapemphera, koma mvula inadula. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinawonongeka, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Madzi anachepa ku Kariba ndi mu mtsinje wathu wa Kafue, ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri. Akatswiri a zanyengo anafotokoza kuti chinayambitsa ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific kumene kumasokoneza mvula kuno kwathu. Nanga chikondi cha Mulungu chinali kuti?

Mmodzi wa amene anayankha Flew anali Basil Mitchell, Mkhristu wophunzitsa ku Oxford komweko. Iye anapereka fanizo lake. M'dziko lolandidwa ndi adani, msilikali womenyera ufulu anakumana ndi mlendo, nacheza naye usiku wonse. Mlendoyo anamuuza kuti ali mbali yawo, ndipo anamupempha kuti amukhulupirire zivute zitani. Pambuyo pake msilikaliyo anali kuona mlendo uja nthawi zina akuthandiza anzake, koma nthawi zina atavala yunifomu ya adani. Anzake anali kung'ung'udza, koma iye anapitiriza kumudalira chifukwa anakumana naye ndipo anamudziwa.

Mfundo ya Mitchell inali yakuti Mkhristu woona sanena kuti masautso alibe kanthu. Amavomera kuti masautso amatsutsadi chikhulupiriro chake, ndipo amamva kuwawa kwake. Chimene chimamugwira ndi kudziwa Iye amene analonjeza. Mitchell anachenjezanso kuti ngati chikhulupiriro chathu sichigwedezeka ndi kanthu kalikonse, mwina chasanduka mawu a pakamwa chabe.

Baibulo lili mbali ya Mitchell pa mfundo imeneyi. Habakuku ayamba buku lake ndi kudandaulira Mulungu poyera. Kumapeto awerenga zotayika zake chimodzichimodzi: mitengo yosabala, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto. Atatha kuziwerenga m'pamene anena kuti adzakondwerabe mwa Mulungu. Sanabise njala kuti ateteze Mulungu.

Ndipo tili ndi yankho lina kwa Flew. Mtumwi Paulo anatchula yekha chinthu chimene chingagwetse chikhulupiriro chathu chonse. Pa 1 Akorinto 15:14-17 anena kuti ngati kuuka kwa Khristu sikunachitike, ulaliki ndi chikhulupiriro zonse zagwa. Chikhristu chaimika zonse pa chinthu chimene chinachitika pa malo odziwika, m'masiku a Pontiyo Pilato, pamaso pa mboni. Mlimi wathu sanakhale wosaoneka ndi wosakhudzika. Anabadwa, anamva njala, anapachikidwa. Ndipo m'mawa wa kuuka kwake, mayi woyamba kumuona, Mariya wa Magadala, anamuyesa wosamala munda (Yohane 20:15).

4. MKANGANO SUNATHE

Tisauze ana athu kuti anthu onse ophunzira anagonja. Kafukufuku amene anachitika pakati pa afilosofi mu 2020 anaonetsa kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse sakhulupirira Mulungu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu amakhulupirira. Flew mwiniwake analengeza mu 2004 kuti tsopano akhulupirira kuti kuli Mlengi, koma sanakhale Mkhristu mpaka imfa yake mu 2010.

Pakati pa okhulupirira, mmodzi wodziwika kwambiri ndi Alvin Plantinga wa ku America, wobadwa mu 1932, amene anakulira mu mpingo wa Christian Reformed. Iye aonetsa kuti pali zinthu zambiri zimene munthu wanzeru amakhulupirira popanda kuziyesa ndi makina. Mumakumbukira chimene munadya dzulo, ndipo mumadziwa kuti mwana wanu akumva kuwawa, osafuna umboni wa ku labotale. Potsata Calvin, Plantinga anena kuti Mulungu anaika mwa munthu mphamvu yomuzindikira, ndipo Mzimu Woyera ndiye amaitsitsimutsa. Omutsutsa amafunsa kuti, ngati zili choncho, tidzasiyanitsa bwanji chikhulupiriro choona ndi cha munthu aliyense wonena kuti walota? Funso limeneli n'lofunika kwa ife amene tazingidwa ndi aneneri ambiri. Yankho la mpingo wathu ndi lakuti mzimu uliwonse uyesedwe ndi Malembo (1 Yohane 4:1).

5. TICHITE CHIYANI?

(a) Mwana akafunsa, timukhazike pansi ndi kumumvera mpaka amalize. Petro atiuza kukhala okonzeka kuyankha, koma mofatsa ndi mwaulemu. Funso likatikulira, tipite nalo pamodzi kwa abusa.

(b) Tisagwiritse dzina la Mulungu potseka pakamwa ofedwa ndi odwala. Nthawi zina kukhala nawo chete, kuwatungira madzi ndi kuwaphikira kumachitira umboni koposa mawu ofulumira.

(c) Tisalekanitse pemphero ndi njira zimene Mulungu watipatsa. Pamene Mfumu Hezekiya anadwala, anapemphera, ndipo Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake (2 Mafumu 20:1-7). Nehemiya anapemphera, naikanso alonda (Nehemiya 4:9). Amishoni amene anayamba ntchito ku Magwero mu 1899 anatisiyira mpingo wokhala ndi masukulu ndi zipatala, monga cha Nyanje ndi cha Kamoto. Munthu wokuuzani kuti mutaye ma ARV kapena mankhwala a BP ndi a shuga kuti muonetse chikhulupiriro akukuuzani kuyesa Mulungu, chinthu chimene Ambuye Yesu anakana pamwamba pa Kachisi (Mateyu 4:5-7).

(d) Tilimbikitse ana athu, makamaka atsikana, kuphunzira sayansi. Namwino, dokotala ndi mlangizi wa zaulimi akuwerenga buku loyamba lija la Mulungu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mwana kapena mdzukulu wanu anakufunsanipo funso lovuta lonena za Mulungu? Munamuyankha bwanji?
2. Ndi mawu ati achikhristu amene timawanena kawirikawiri osawaganizira?
3. Werenganinso Habakuku 3:17-19. Kodi kudandaulira Mulungu kusiyana bwanji ndi kusakhulupirira?
4. Tingamuthandize bwanji mnzathu wa m'Chigwirizano amene wauzidwa kuti aleke kumwa mankhwala?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, mpweya, nthaka ndi nzeru za anthu zonse n'zanu. Mutikhululukire pamene tatchula dzina lanu mwachizolowezi chabe. Mutipatse mtima wofatsa pomvera mafunso a ana athu, ndi mawu oona powayankha. M'chaka cha dzinthu ndi m'chaka cha chilala mutigwire dzanja, kuti tidalire Inu amene munadzionetsa kwa ife mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.